K720,720 imagawika ndi nambala iliyonse mpaka 16, zoona?

NyaNchalo: Abale thandizeni, ku banki mkhonde yathu kuno ku Nchalo ndalama zakwana K720,720 ndiye aphunzitsi ena opuma akuti kaya tikhale 7, kaya 13, kaya 16, aliyense alandira zofanana osatsala ngakhale kwacha imodzi, zoona zimenezi kapena dzuwa lakunoli lawazunguza mutu?

Madala aku Bangula: Aphunzitsiwo sakunama mayi. Nambala imeneyi ndi 720 kuchulukitsa ndi 1,001, ndiye 1,001 yo ndi 7 x 11 x 13, pomwe 720 ndi 16 x 9 x 5, basi zonse kuyambira 1 mpaka 16 zalowa momwemo. Ndipo palibe nambala yocheperapo yomwe ingachite zimenezi, iyiyi ndiyo yoyamba.

Mphwanu wa Ngabu: Ndayesa pa foni, mukakhala 13 aliyense K55,440 ndendende. Nambala zoigawa popanda chotsala zilipo 240 eti!

NyaNchalo: Vuto tilipo 17 ankolo.

Madala aku Bangula: Iii pamenepo zavuta, 17 ndi prime, nambala yongogawika ndi 1 ndi iyo yokha, ndipo mulibemo mu nambala zija tachulukitsazi. Aliyense atenge K42,395, itsala K5, apatseni asungichuma.