Zithunzi zotsatsira nyumba: zimodzimodzi zingakwanire wa ku Kasungu, wa ku Lilongwe ndi wa ku Joni?

Mlongo wa ku Chankhanga analemba:

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Amalume anga andipatsa ntchito yowatsatsira nyumba zawo ziwiri, poti iwo za mafoni amakonowa sazitsata. Ina ili konkuno ku Kasungu boma, ya zipinda zogona zitatu, ya mu mpanda, ikufuna wochita lendi. Inayo ili cha ku Mtunthama, ili ndi malo aakulu kuseri kwake, ndipo imeneyo akugulitsa.

Pa Facebook ndimaona mmene anzathu a ku Lilongwe amatsatsira nyumba za ku Area 47 kapena Area 43: matayilosi akuwala, khitchini ya makabati, kapinga wobiriwira. Inenso ndajambula zathu motero, pabalaza, zipinda ndi khonde, n'kuika m'magulu a WhatsApp a kuno ndi pa Facebook. Oimba foni alipo ndithu, koma aliyense akufunsa chinthu chimene pazithunzipo palibe. Wina akuti madzi ndi a Water Board kapena a pa mjigo? Wina akuti mita ya magetsi ndi yogawana? Bambo wina wa ku Joni anangoti ndimuonetse malire a malowo, za pabalaza sanazilabadire n'komwe.

Kodi n'koyenera kujambula zithunzi zosiyana malinga ndi amene ukumufuna? Nanga ndi foni yanga ya Tecno, zingatheke? Amalumewa akudalira ndalama imeneyi pa sukulu fizi ya ana, ndiye sindikufuna nyumba zikhalitse zopanda munthu.

Ejenti wa ku Mchinji anayankha:

Achemwali, mafunso amene akukufunsaniwo muwalembe papepala, chifukwa zimenezo ndiye zithunzi zimene mukuyenera kukajambula. Wofuna nyumba ku Area 47 safunsa ngati pali toileti ya m'nyumba, amadziwa kale kuti ilipo, n'chifukwa chake otsatsa a kumeneko amathamangira kuonetsa kukongola. Kuno kwathu zinthu zimenezi sizidziwikiratu. Nyumba ziwiri zoyandikana, ina ili ndi mpopi m'nyumba, ina amatunga pa chitsime.

Ine nyumba ya lendi ya pa boma ndimayamba ndi panja, mpanda ndi geti zikuoneka bwinobwino. Chotsatira ndi mpopi madzi akutuluka, ndipo ngati pali thanki ndimaijambula yonse ndi chimene yakhalapo. Kenako mita ya ESCOM, kuti munthu aone kuti ndi ya mayunitsi ndipo ndi ya nyumba yokhayo. Nkhani ya mita yogawana yadanitsa anthu ambiri ndi malandilodi awo, ndiye ngati yanu ili payokha musabise, ndi chinthu chogulitsa nyumba. Bafa ndi toileti, siling'i, zitsulo za m'mawindo, malo ophikira pa mbaula kuseri ndi poyanika zovala. Pabalaza pamabwera kumapeto.

Koma ngakhale m'boma limodzi misika imasiyana. Kuno ku Mchinji, wogwira ntchito pa chipata cha Mwami amafuna mpanda wolimba ndi poimika galimoto, chifukwa nthawi zambiri banja lake lili ku Lilongwe ndipo nyumba imatsala yokha kumapeto kwa sabata. Wogula soya ndi mtedza ku Kamwendo amafuna aone sitolo yosungiramo matumba, pansi pake ngati pali simenti yosanyowa, ndiponso ngati lole ingalowe pa geti. Ameneyo ndimamujambulira geti yotsegula mbali zonse galimoto itaima pakati, ndi kamsewu kochokera ku tala. Chithunzi cha makatani okongola kwa iyeyo n'kungomudyera bandulo.

Ya ku Mtunthamayo ganizirani amene angaigule. Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma cha mu Epulo, alimi amakhala ndi ndalama m'manja, ndipo mlimi amayamba waona nthaka asanaone nyumba. Jambulani malo a kuseriwo mutaima pamalo okwera, ngakhale pa chulu, kuti kukula kwake kuoneke. Ngati pali chigafa, khola, mitengo ya mango kapena dambo lolimapo dimba, zonsezo zilowe. Koma mukafuna kukopa wogwira ntchito ku Kamuzu Academy kapena munthu wa m'tauni wofuna pokapumira ntchito, pamenepo ndiye muike patsogolo mkati mwa nyumba, magetsi ndi kutalika kwake kuchokera pa msewu waukulu. Ine ndimasunga mafoda awiri m'foni pa nyumba imodzi, ndipo ndimatumiza malinga ndi amene waimba.

Mphunzitsi wa ku Santhe anayankha:

Ndiyankhulepo ngati wochita lendi, poti ife a m'boma timasamutsidwa ndipo nthawi zina nyumba timaisankha tili kutali. Landilodi amafuna ndalama ya miyezi itatu pakamodzi, ndiye munthu ukalakwitsa kusankha wamangika.

Chimene ine ndimafuna kuona ndi nyumba nthawi ya dzinja. Mu Okutobala msewu uliwonse umaoneka wabwino. Ndionetseni wa mu Febuluwale, ndione ngati kabaza amafika pakhomo kapena ana azivula nsapato popita ku sukulu. Ndionetseni siling'i, chifukwa ngati malata amadontha, madontho amasiya zizindikiro. Ndionetseninso m'munsi mwa khoma ndi mafelemu a zitseko, ndione za chinyezi ndi chiswe.

Pamodzi pokha ndisiyane pang'ono ndi akulu a ku Mchinjiwo. Mafoda awiri ndi nzeru, koma chonde chilema cha nyumba chikhale m'mafoda onse. Ndinalipirapo thiransipoti kukaona nyumba imene pachithunzi inali yokongola, n'kukapeza kuti khoma lake lagundana ndi malo omwera mowa, nyimbo mpaka mbandakucha. Wojambulayo anangoima mbali imene balayo sinkaoneka. Ndalama yanga inapita, iyenso nyumba sanaipezere munthu tsiku limenelo. Akanandionetsa, sindikanavutika, ndipo mwina akanapeza mnyamata wosakwatira amene phokoso alibe nalo ntchito.

Wojambula maukwati ku Kasungu anayankha:

Tecno yanuyo ikwanira, mayi. Pukutani kagalasi ka kamera ndi kansalu kofewa musanayambe, chifukwa mafuta a m'manja ndi fumbi ndi zimene zimachititsa chithunzi kuoneka ngati muli utsi.

Panja musajambule masana dzuwa lili paliwombo, malata amathobwa m'maso ndipo khonde limada bii. Nyumba yoyang'ana kum'mawa ijambuleni cha m'ma 7 kapena 8 koloko m'mawa, yoyang'ana kumadzulo cha m'ma 4 koloko madzulo, dzuwa likhale kumbuyo kwanu. Miyezi yozizira, Juni ndi Julaye, dzuwa kuno limadzera chakumpoto, ndiye khoma loyang'ana kummwera limakhala mu mthunzi pafupifupi tsiku lonse. Limenelo limatuluka bwino tsiku la mitambo.

M'nyumba tsegulani makatani ndi zitseko zonse, imani pakona, foni muigoneke chopingasa, ikhale pa msinkhu wa chifuwa ndipo isapendekere m'mwamba kapena pansi, apo ayi makoma amaoneka ngati akugwa. Windo likamawala kwambiri yatsani HDR pa kamera ya foniyo, imene imathandiza kuti powala ndi pamdima ponse paoneke bwino. Flash ayi. Mafoni ena ali ndi kabatani ka 0.5 pa kamera kamene kamaonetsa chipinda ngati chachikulu. M'bafa kamathandiza, koma m'chipinda chogona kamanamiza, munthu amabwera ndi bedi lake lalikulu n'kupeza kuti silikwana. Bwino muyeze chipindacho ndi tepi n'kulemba mamita ake pansi pa chithunzi.

Za kutumiza: WhatsApp imachepetsa chithunzi kuti chisadye bandulo yambiri, ndipo kwa anthu a m'magulu a kuno zimenezo zili bwino, zithunzi 6 kapena 8 n'zokwana. Wa kutali amene akufuna kuona ming'alu ndi mizere ya njerwa mutumizireni ngati document, chimafika mmene chinajambulidwira.

Wa ku Joni anayankha:

Bambo amene anakufunsani za malirewo ndikuwamvetsa. Ife tili kuno timaopa chinthu chimodzi, kugula malo a mkangano kapena amene kulibe n'komwe. Chithunzi chokongola kwambiri chimatichititsa mantha, chifukwa akuba amatenga zithunzi za eni ake pa Facebook n'kumatsatsa ngati zawo.

Chimene chimandikhazika mtima pansi ndi vidiyo imodzi yosadula. Yambani pa msewu pamene pali chizindikiro chodziwika, sukulu, tchalitchi kapena chigayo, muziyenda wapansi uku mukulankhula, mutchule tsiku, mufike pakhomo, muzungulire ngodya zonse zinayi mukuonetsa mabikoni kapena mitengo ya m'malire, ndi nyumba za oyandikana nawo. Ndikaona zimenezo ndimatuma mchimwene wanga kuti akaone ndi maso, akacheze ndi amfumu ndi aneba, komanso akafunse ku ofesi ya za malo ngati pali lizi.

Mapepala a malowo musawaike pagulu. Nenani kuti alipo ndipo ndi a mtundu wanji, wofunadi adzawaona pamaso. Ndipo pa chithunzi chilichonse lembanipo nambala yanu chapakati, osati m'mphepete pamene munthu angadule.

Mlongo wa ku Chankhanga anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula m'maso. Loweruka ndipita ku Mtunthama m'mamawa ndi amalume kuti akandilozere malire ndikujambula vidiyoyo. Aphunzitsi, kuseri kwa nyumba ya pa bomayi kuli ngalande imene imadzaza mvula ikagwa yambiri, ndiijambula ndithu. Vuto latsala limodzi: m'nyumbamo mudakali anthu, akutuluka kumapeto kwa mwezi. Ndijambule katundu wawo ali momwemo?

Ejenti wa ku Mchinji anayankha:

Apempheni kaye, achemwali, ndipo akakana musakakamize, n'pakhomo pawo mpaka tsiku lotuluka. Akalola, TV, firiji, zithunzi za banja ndi ana zisaoneke, chifukwa magulu a WhatsApp muli anthu a mitundu yonse ndipo simungafune kuwaitanira akuba. Panopa jambulani geti, mpanda, mpopi, mita ndi ngalandeyo, mulembe kuti nyumba ipezeka pa 1 mwezi wa mawa. Za mkati mudzajambule akatuluka, mutakolopa ndi kupaka laimu kapena penti pamene pathimbirira.