Waya woyanikira zovala ukundimenya shoko, vuto ndi chani?

Nachisale: Abale thandizeni. Waya wathu woyanikira zovala tinamangirira kudenga la malata, mbali inayo kumtengo wa mango. Chiyambireni mvula ndikamayanika ndikumva kunyerenyetsa mmanja ngati shoko, koma abambo akunyumba akaugwira akuti palibe kanthu ndikungodzimva. Nanga waya wamba ungakhale ndi magetsi bwanji? Mbalame zimaterapo daily koma sizikufa.

Wamawaya: Mayi musaugwirenso, ndikunena lero lomwe. Kudengako pali waya wamagetsi wasupuka, kaya makoswe anatafuna kaya pulasitiki yake inangotha, ndiye ukukhudza malata. Chitsulo magetsi amadutsamo mosavuta chifukwa ma electron ake amayenda momasuka, ndiye denga lonse pamodzi ndi waya wanuwo zili live, 230 volts yomweyo ya mu soketi. Kungoti magetsi sayenda popanda kotulukira, amafuna njira yopita pansi. Inu manja anyowa ndi madzi a sopo, mwina simunavale ndi nsapato zomwe, dothi lonyowa, basi njirayo ndi inuyo, amalowa padzanja kudutsa pachifuwa pomwe pali mtima nkutulukira kumapazi. Abambo akugwira ndi manja ouma atavala nsapato za labala nchifukwa chake sakumva. Mbalame ija mapazi onse ali pa waya umodzi, siikhudza pansi, magetsi alibe chodutsira mthupi mwake.

Che Jombo: Kkkk ingovalani ma jombo mayi nkhani yatha

Wamawaya: Ayi achimwene musaseke nazo, nanga mwana akadzaugwira akuchokera kosamba? Sipafunika current yambiri kuti mtima usokonezeke. Earth leakage breaker, switch ija imazimitsa yokha magetsi akamathawira pansi, amaipanga kuti izime pa 30 milliamps (muyezo wa current), pomwe babu la 60 watts limakoka pafupifupi 260. Zimitsani main switch kaye kenako mumasule wayayo, muitane electrician wa laisensi ayeze earth ya nyumbayo (waya wachitetezo wopititsa magetsi pansi), ikanakhala bwinobwino breaker ikanagwa kalekale.

Mai a Tiya: Ndiwonjezere, munthu akagwidwa ndi magetsi dzanja limafumbata lokha sangathe kusiya, musamukoke ndi manja mugwidwa nonse awiri. Thamangirani ku switch, kapena mukankheni ndi ndodo youma, yonyowa imadutsanso magetsi. Akadzuka nkumati ndili bwino mupite nayebe kuchipatala akamuone mtima.

Nachisale: Iii mwandiopsa. Ndazimitsa, electrician akubwera mawa mmawa. Chingwe cha nayiloni chingathe eti?

Wamawaya: Chingathe, koma musamangenso kumalata, dzalani mtengo.