Kodi "tame" ndi kuweta?

Mayi wa ku Chibavi:
Odziwa Chingerezi, thandizeni. Mwana wa Fomu 4 walemba mu chimangirizo kuti "My father tames goats and chickens", ndiye aphunzitsi ake adula mzere wofiira pansi pa "tames". Chonsecho dikishonale ikuti "tame" ndi "domesticated". Walakwa pati?

Mphunzitsi wa ku Katoto:
Mayi, aphunzitsiwo sanamulakwire. Kuweta mbuzi, nkhuku kapena nkhumba ndi "keep", "rear" kapena "raise". "Tame" ndi kuzoloweza nyama yakutchire kuti isiye kuopa munthu ndi kumuluma. Mbuzi inabadwira m'khola, palibenso choizoloweza. Koma munthu akalera kamwana ka gwape mpaka kumadya m'manja mwake, apo ndiye pa "tame".

"Domesticated" amanena mtundu wonse wa nyama umene anthu akhala akuuswetsa mibadwomibadwo, monga ng'ombe, nkhosa ndi agalu. N'chifukwa chake njovu ya ku Vwaza, ngakhale itazolowera anthu chotani, siingakhale "domesticated". Tambala wolusa uja wothamangitsa ana pabwalo ndi "domesticated", koma si "tame". Mphaka wothawira kuthengo n'kumaswana komweko ndi "feral".

Wa ku Luwinga:
Aphunzitsi anena bwino. Mwanayo asamalenso kalembedwe: "tamed" ndi "taming", e amachoka ndipo m ndi mmodzi. Ambiri amalemba "tamming". Potchula, lizimveka ngati "name" kapena "game", lisapite ku "term".

Bambo wa ku Zolozolo:
Tanthauzo lachiwiri ndi limene limagwetsa anthu. Likanenedwa pa chinthu chimene si nyama, "tame" ndi chozizira, chopanda moto. Wosewera pa Mzuzu Stadium akamenya kampira kofooka kamene goloboyi amangotola, atolankhani amati "a tame shot". Sakumuyamikira ayi.

Choncho Mayi, munthu wofatsa musamunene kuti ndi "tame", mumunyoza ngati wongogonjera zilizonse. Liwu lake ndi "gentle". Tsabola wosawawa kwambiri kapena mutu wopweteka pang'ono ndi "mild".

M'nyuzipepala mupezanso "tame inflation", makamaka Reserve Bank of Malawi ikakweza chiwongoladzanja. Apa sakunena kuti mtengo wa shuga kapena sopo utsika. Akutanthauza kuti mitengo izikwerabe, koma pang'onopang'ono, osati mothamanga.