Buku la Chingerezi la Fomu 1 ndi 2: nkhani ya chikhalidwe tiiyeza bwanji?

Funso: Aphunzitsi anzanga, dipatimenti yathu ikusankha buku limodzi mwa atatu. Galamala ili bwino monsemo. Koma tidziwa bwanji buku lomwe ana athu adzadzionamo? Ilipo njira yoyezera, kapena n'kungoyang'ana ndi maso?

Mphunzitsi wa ku Dedza: Choyamba onani ngati lili pa mndandanda wovomerezeka ndi MIE (Malawi Institute of Education), bungwe loona za silabasi ndi mabuku a sukulu la ku Domasi. Kenako jambulani tebulo la magawo atatu: za ku Malawi, za ku Britain ndi America, za maiko ena. Mutu uliwonse lembani mayina a anthu, malo, zakudya, miyambo ndi zithunzi, chilichonse m'gawo lake. Gawo lachitatu ndilo limakonda kuuma, pomwe mwana wathu Chingerezi adzayankhula kwambiri ndi Mtanzania kapena Mkenya kusiyana ndi munthu wa ku London.

Woyendera sukulu: Kuwerenga mayina kokha kumanyenga, achimwene. Buku likhoza kudzaza ndi mayina a kwathu koma nkhani zake n'kukhala njala, Edzi ndi kusefukira kwa madzi basi, ndege ndi sayansi n'kusiyira azungu. Pa chithunzi chilichonse funsani: dokotala ndani, wotunga madzi ndani, akuyankhula ndani, akumvetsera ndani? Onaninso kuti "Malawi" wa m'bukumo si Lilongwe ndi Blantyre yekha. Vimbuza, Tchopa, Umthetho wa ku Hora, Gonapamuhanya wa ku Bolero, asodzi a ku Mangochi, alimo?

Mphunzitsi wa ku Nsanje: Ndiwonjezere pa comprehension, kuja kowerenga ndime n'kuyankha mafunso. Ndime ikamakamba za sitima zoyenda pansi pa nthaka, mwana wa ku sekondale yoyendera (CDSS) amataya malikisi chifukwa chinthucho sachidziwa, osati chifukwa Chingerezi chamukanika. Musaidumphe ndimeyo. Tengani mphindi zisanu kufotokoza ndi chithunzi, kenako ayerekeze ndi minibasi kapena kabaza. Mpamenenso mumaphunzitsira "faster than" ndi "cheaper than".

Wofunsa uja: Zikomo akuluakulu. Nanga onse atatu akaperewera?

Woyendera sukulu: Tengani losavuta kuwerenga, zotsalazo mudzaze nokha. Kuwonjezera ndime imodzi yokha ya za kwathu ya mawu 150 pa teremu n'kochepa, yesani imodzi pa mutu uliwonse, ana akafunse agogo awo n'kulemba okha. Chenjezo pa Gule Wamkulu: UNESCO idamulemekeza mu 2005, inde, koma za kudambwe musawalembetse ana, mudzayambana ndi mafumu komanso makolo ena a mpingo. Khalani pa zoonekera pabwalo: ng'oma, nyimbo, nthawi yovina.