N4 ya galasi langa la borosilicate ikutsika kuposa zimene Dell ndi Bray amanena

aNaphiri:
Ndikuphunzira mmene maatomu a boron amakhalira mu galasi la sodium borosilicate pogwiritsa ntchito NMR (njira yofufuzira maatomu ndi maginito amphamvu komanso mafunde a wailesi) ya boron-11. Galasi ndinalisungunula ndekha mu kapu ya platinum, kenako ndinalithira pa chitsulo chozizira ndi kulipanikiza ndi chitsulo china kuti lizizire msanga. Sodium oxide poyerekeza ndi boron oxide ndi 0.6, ndipo silica poyerekeza ndi boron oxide ndi 2. Malinga ndi njira ya Dell, Bray ndi Xiao ya mu 1983, gawo la boron wolumikizana ndi maoxygen anayi, lomwe timalitcha N4, liyenera kukhala pafupi ndi 0.6, koma makina athu a NMR a 11.7 tesla (muyeso wa mphamvu ya maginito) akundipatsa 0.52. Kodi vuto lili mu galasi kapena mu kayezedwe kanga?

aChisale:
Mayi Naphiri, yambani ndi kaziziritsidwe kanu. Galasi likakhala lotentha kwambiri, boron wambiri amakonda kulumikizana ndi maoxygen atatu okha, ndipo mukaliziziritsa mwadzidzidzi mumatsekera maatomuwo mmene analili pa kutenthako, asanapeze mpata wosintha. Choncho galasi lopanikizidwa pakati pa zitsulo ziwiri limakhala ndi N4 yotsika kuposa lomwe lazizira pang'onopang'ono mu ng'anjo. Tengani kachidutswa kena, mukatenthetse pafupi ndi pomwe galasi limayamba kufewa, mukasiye kazizire usiku wonse, muyezenso. Muganizirenso kuti sodium ndi boron zimatuluka ngati nthunzi galasi likakhalitsa pamoto, kotero 0.6 yomwe munayeza pa sikelo mwina si yomwe yatsala m'galasimo.

aMbewe:
Ndikugwirizana ndi a Chisale, koma ine ndingayambe ndi makinawo, chifukwa kuyesa kumeneku sikutenga ngakhale ola limodzi. Mbali zina za chipangizo chomwe chimazunguza kachubu kokhala ndi ufa wa galasi lanu pa madigiri 54.7 zimapangidwa ndi boron nitride, ndipo boron wa mmenemo ndi wolumikizana patatu, motero chizindikiro chake chimawonjezera mbali ya BO3 (boron wolumikizana ndi maoxygen atatu) ndi kutsitsa N4 yanu. Zimenezi zinandisokoneza miyezi iwiri ndisanaganize zoyeza kachubu kopanda kanthu, ndipo nditachotsa chizindikirocho manambala anga anakwera.

Chachiwiri ndi kutalika kwa pulse, mafunde a wailesi omwe makina amatumiza kwa kanthawi kochepa. Boron-11 ali ndi spin ya 3/2, ndipo mphamvu ya quadrupole (mmene phata la atomu limakhudzidwira ndi mphamvu ya magetsi yolizungulira) ya BO3 ili pafupi ndi 2.6 MHz pamene ya BO4 (boron wolumikizana ndi maoxygen anayi) siifika 1 MHz, choncho awiriwa sayankha mofanana pa pulse yaitali. Gwiritsani ntchito yaifupi kwambiri. Pa 11.7 tesla mchira wa chizindikiro cha BO3 umalowanso pansi pa nsonga ya BO4 yomwe ili pafupi ndi 0 ppm (muyeso wa malo a nsonga pa chithunzi cha NMR), ndipo ngati mungapeze makina a 14.1 kapena 18.8 tesla, nsonga ziwirizi zimalekana bwino.

aNaphiri:
Zikomo kwambiri nonse. Ndayeza kachubu kopanda kanthu m'mawa uno ndipo chizindikiro cha boron chilipodi. Nditachichotsa, N4 yafika 0.55. Kachidutswa kachiwiri kali mu ng'anjo tsopano, ndipo ufa wina ndautumiza kuti akaone sodium watsala wochuluka bwanji.