Loya wa inshuwalansi akufuna buku langa lonse lakuchipatala

NaPhiri wa ku Ndirande: Abale ndithandizeni. Minibasi inandigunda pa Ginnery Corner ndikuwoloka msewu, mwendo unathyoka pawiri. Mlandu uli ku High Court ku Chichiri. Pano loya wa inshuwalansi akufuna buku langa lonse lakuchipatala, lothothoka chikuto lija. Komatu mmenemo muli za ma ARV, zoti ngakhale apongozi anga sadziwa. Mwendo ndi ma ARV zikukhudzana pati?

Bambo a Chisomo: Pepani mayi. Iwo akusaka matenda akale kuti anene kuti munkatsimphina ndi kale, chipukuta misozi chichepe. Ine anandikumbira msana womwe ndinavulala ndikunyamula matumba a simenti ku Limbe. Ndinabisa, zitatulukira loya wanga anachita kugwira mutu. Wanu muuzeni zonse.

Achemwali a ku Zingwangwa: Osapereka bukulo pamanja! Gawo 21 la Malamulo aakulu oyendetsera dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu. Loya wanu akane, apereke zokhudza mwendo zokha. Akakakamira, woweruza ndiye agamule.

NaPhiri wa ku Ndirande: Zikomo achemwali. Mawa ndilawirira kwa loya, bukulo lili m'chikwama changa.