Chikumbutso cha 3 Malichi mu Blantyre: tiyambire pati?

Mnyamata wa ku Ndirande:
Akuluakulu, gulu lathu la achinyamata likufuna kukonza ulendo wa ndawala wokumbukira tsiku la ofera dziko. Chaka chilichonse timangomva za ku Nkhata Bay. Kodi muno mu Blantyre muli malo okhudzana ndi 1959? Nanga chilolezo timakatenga kuti?

Aphunzitsi a Mbiri:
Malo alipo, mwanawe. M'bandakucha wa pa 3 Malichi 1959, Bwanamkubwa Robert Armitage atalengeza lamulo la chipwirikiti, Dr Banda anamangidwa kunyumba kwawo ku Limbe, n'kuwakweza ndege ku Chileka kupita nawo kundende ya ku Gwelo (lero ndi Gweru, ku Zimbabwe). Anthu ambiri a Nyasaland African Congress anawatsekera ku Kanjedza. Choncho yambirani ku Kanjedzako, mukathere ku Chichiri. Komiti ya Devlin, imene inafufuza za chipwirikiticho, inapeza kuti anthu 51 anaphedwa m'nyengo yonseyo. Pamwambo musasokoneze ndi Chilembwe, tsiku lawo ndi 15 Januwale, ndipo nkhondo yawo ndi ya 1915. Ambiri amaphatikiza ziwirizi.

Mayi Malamulo:
Simukupempha chilolezo ayi, mukudziwitsa. Lamulo la apolisi likuti mulembere DC kalata, kope lipite kwa mkulu wa polisi wa dera lanu, pasanatsale maola 48, koma osapitirira masiku 14 tsikulo lisanafike. M'kalatamo mulembe dzina la wotsogolera, cholinga, nthawi yoyamba ndi yomaliza, misewu yodutsamo, chiwerengero cha anthu ndi owayang'anira panjira. Akakuitanani ku zokambirana, pitani ndithu, njira imagwirizanidwa kumeneko. Chimene chimagwetsa ambiri ndi kusintha msewu patsikulo: apolisi amakuimitsani pomwepo. Ku Sanjika musayandikireko. Dziwaninso kuti katundu wa anthu akawonongeka, mlandu ukhoza kugwera okonzanu.

Achimwene a ku Chilomoni:
Malichi ndi dzinja, mvula imakonda masana. Nyamukani 7 koloko, pofika 11 mukhale mwamaliza. Zikwangwani zikhale za nsalu, za pepala zimasungunuka. Woyang'anira mmodzi pa anthu 20 alionse, avale zoti azioneka patali. Ndipo zovala za chipani muzikane pa khomo pomwe, zikangolowa mwambo umasanduka msonkhano wa ndale.

Aphunzitsi a Mbiri:
Mukamaliza umenewu, ganiziraninso za Meyi 1992. Sitiraka ya ogwira ntchito ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead inayambira muno, patangopita miyezi iwiri chitulukire kalata ya maepiskopi ya pa 8 Malichi. Amene anaona ndi maso akadalipo ku Ndirande kwanuko, kawafunseni akadali moyo.